Injini Yomwa Madzi a ku Kariba

Tinanyamuka pafamu ku Tengwe Lachitatu m'mawa, titangomaliza kumene kuumitsa fodya, thupi lonse likuphwanya. Kumbuyo kwa lole tinamangirira injini yatsopano ya dizilo, yoti ndikaike m'bwato la thanga la bwana wathu kunyanja ya Kariba, poti yakale inali itatheratu. Ine ndinali makaniko wa mathirakitala pafamupo. Bwana anandisankha ati chifukwa Mnyasa aliyense amadziwa za pamadzi. Chonsecho kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo bwato ndinali ndisanalikhudzeko n'chala chomwe. Koma makaniko amene ndinalowa m'malo mwake anachotsedwa tsiku limodzi chifukwa chowotcha pampu, ndipo ine ndinali ndi mkazi ndi ana atatu m'komboni. Ndinangoti, "Inde, bwana."

Pa Karoi tinaima kumwa tiyi ndi mabanzi otchipa a tiki, ouma ngati njerwa. Chiweshe, dalaivala wathu wachishona, anandimenya paphewa.

"Mukoma, inu Mabulantaya mumabadwira m'madzi, handiti? Si choncho?"

Ndinaseka nawo, poti ndi mmene ankatitchulira ife Anyasa kumeneko.

Masana tinakhota pa Makuti. Msewu unayamba kupota ndi mapiri, ndowe za njovu zili mbwee, akashembe akutiluma kupyoza malaya. Injini ikagwedezeka kumbuyo, mtima wanga unkagwedezeka nawo. Tinafika dzuwa litapendeka. Madzi anali ponseponse, nsonga za mitengo yomira zili tutumbatutumba. Ndinachita mantha, ndisaname.

Chiweshe anandithandiza kuzula injini yakale ndi tcheni pa milongoti itatu, kenaka anakagona pansi pa lole. Masiku awiri ndinakhala chozondoka m'kadzenje kothina ka injini, dizilo wakale akununkha, bwato likundigwedeza mpaka nsima yonse kubwerera. Mabawuti ankandimvera, chifukwa chitsulo ndi chitsulo. Chinandidabwitsa n'chakuti injiniyo inalibe ladiyeta. Kenaka pansi penipeni ndinapeza paipi ndi kampopi, zolowera pachibowo chotulukira kunyanja. Chibowo m'bwato! Ndinatukwana amene anachiboola, ndinatseka kampopiko, n'kusema chitsekerero cha mtengo, kukhomera zolimba.

Loweruka m'mawa, ndikupukuta manja, panafika bambo wina wa imvi amene ankalondera mabwato. Anati ndi a Mwale a ku Nkhotakota. Anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali.

"Achimwene, kumudzi n'kuti?"

"Ku Dedza, bambo."

"Ndaona. Nanga injini yanuyi izimwa pati?"

Sindinamvetse. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana, kuti injini ya m'bwato imazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo, olowera pachibowo chimene ndinatsekacho. "Ikanalira pang'ono chabe, n'kupsa. Mwachita mwayi, mwanangu. Zulani msanga, galimoto ya mzungu wanu iyo ikutsika apo."

Ndinagwira pulayala mwachangu, koma inandipulumuka kawiri. A Mwale analowa okha, mawondo akulira, n'kuzula chitsekererocho, kulumikiza paipi ndi kutsegula kampopi. Pamene bwana ankaponda m'bwato, iwo anali atabwerera kale kumtunda, akusuta chingambwe chawo.

Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Madzi anayamba kulavuka kumbuyo, bwana n'kuwomba m'manja. Ndinafuna kuloza a Mwale, ndinene kuti mwini nzeru ndi uyo. Koma bwana akanafunsa kuti a Mwalewo anakonza chiyani, zanga zikanathera pomwepo. Ndinatseka pakamwa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

"Kuyambira lero bwatoli ndi lako," anatero bwana m'chilapalapa chake, chinenero chosakaniza cha m'mafamu. "Ndikabwera kuno, iwe uzikhala momwemu."

Tinabwerera Lamulungu, injini yakale ili kumbuyo, Chiweshe akuimba njira yonse. Titafika ku Tengwe, mkazi wanga anathamanga kudzafunsa ngati ntchito ikadalipo. Ndinati ilipo, andikwezanso.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti "inde" wonena chifukwa cha mantha satha tsiku lomwelo. Zaka zinayi ndinayandama panyanja imeneyo, ndikumwetulira bwana akandiyang'ana, chonsecho kusambira sindidziwa mpaka pano.