Msilikali Amene Anandibereka Kumsana

Mpaka lero ndikamva fungo la palafini sindiganiza za nyali ayi. Ndimaona khonde la a Bulaza Lusiyano m'mawa wozizira wa kuno ku Tsangano, nkhungu isanachoke m'zigwa, utsi wa uvuni wa njerwa ukukwawa pansi, ife ana titandandalika pa thabwa mapazi tatambasula kutsogolo, mzungu wamtaliyo atagwada ndi phini m'manja, akutichotsa matekenya mmodzimmodzi n'kumadontheza palafini pabowo. Wina akalira ankamuuza kuti, "Msilikali ndi mapazi, mwana wanga. Mfuti ikatayika amakupatsa ina, koma phazi sapereka."

Nyumba yawo inali kuseri kwa khola la agogo anga aamuna, a Ngozo, kungodumpha ngalande. A Bulazawo kwawo kunali ku Kanada. Sanali wansembe, ntchito yawo pa mishoni inali kuumba njerwa ndi kulima mbatata ya kachewere. Koma tonse tinkadziwa kuti asanavale mkanjo anali msilikali woyenda pansi pa nkhondo ya Jeremani, ndipo nkhani imeneyi inkawayabwa agogo. Paja ife Angoni munthu wobwera kunkhondo sabisa, amaima pabwalo n'kudzitama.

Tsiku lina agogo anawaimitsa pa chipata cha khola, anthu ali pomwepo.

"Inu a Bulaza, paja akuti munamenya nkhondo. Munagwetsa angati?"

"Sindinawerenge, a Ngozo. Ndinawerenga amene ndinawabereka. Anayi."

"Kubereka? Kumsana?" Agogo anaseka mpaka kutaya fodya wawo wa m'mphuno. "Tamvani anthu inu! Kwawo amuna amapita kunkhondo kukalera ana!"

Dzina linamera pomwepo: aNambereko, ngati la mayi. Eni ake ankangovula chipewa n'kuyankha.

Ine ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndipo phini uja ndinkamuopa kuposa njoka. Thekenya litandilowa kuchala chaching'ono cha phazi lamanja ndinayamba kuzemba mzere wa pakhonde, n'kulitokosa ndekha ndi minga kubusa, kenako n'kumaponda ndowe ndi matope a dzinja ngati palibe kanthu. Sabata isanathe phazi linatupa ngati dzungu, mwanabere anatuluka, thupi linatentha, fungo lake ngakhale galu wathu ankatuluka m'nyumba. Bambo anga anali ku Joni. Agogo anandimanga masamba masiku atatu, osasintha. Tsiku lachinayi, kutangocha, amayi anadumpha ngalande ija osapempha kwa munthu.

A Bulaza analowa chowerama, ananunkhiza phazilo, nkhope inasintha.

"Mwana uyu apite kuchipatala lero."

"Kumeneko amadula," anatero agogo. "Mngoni wopanda phazi adzavina ndi chiyani? Ndi matako?"

"Mukamusunga pano mumuika m'manda ndi mapazi ake onse awiri. Tiyeni limodzi. Akafuna kudula lonse mukakane nokha."

Chipatala cha amasisitere chinali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo galimoto ya mishoni sikanadutsa chifukwa madzi anali atakokolola mlatho. A Bulaza anapempha nsalu ya amayi, anagwada, amayi anandiika kumsana kwawo n'kumanga mfundo pachifuwa, monga amachitira ndi khanda. Tinanyamuka, agogo akubwera m'mbuyo ndi chibonga chawo, nkhope ili gwa chifukwa cha manyazi. Azimayi m'minda ankasiya makasu n'kumakuwa, "Taonani aNambereko abereka zenizeni!"

Ndimakumbukira thukuta la m'khosi mwawo, fungo la sopo wofiira, kulira kwa nsapato zawo zachikopa m'matope, ndi tulo tolemera tomwe tinkandikoka. Koma tulo sanandilole. Tikangoyenda pang'ono ankandigwedeza.

"Damiyano, ulipo?"

"Ndilipo."

"Sindinamve. Mokweza!"

"Ndilipo!"

Anafunsa chomwecho m'mawa wonse, pokwera ndi potsika, mpaka agogo anatopa nazo. Dzuwa lili pamutu tinafika pamtsinje wodzaza, a Bulaza anakhala pamwala kuti avule nsapato, ine ndili kumsana komweko.

"Mukumuvutitsiranji mwana wodwala?" anafunsa agogo. "Msiyeni agone."

Asanayankhidwe, maso awo anagwera pa mapazi a mzungu uja. Kuphazi lamanzere kunalibe zala ziwiri.

"Zimenezi zinatsala ku Itale," anatero a Bulaza. "Ndinachoka kwathu ndevu zisanamere, ndikungodziwa kukama ng'ombe za bambo anga. Sitima yapamadzi inakatitula kumeneko. Nkhondo yake inali kuyenda ndi kukumba, a Ngozo. Tsiku lonse matope, kukada dzenje, m'dzenjemo madzi ozizira ofika m'mawondo. Chisanu chinandidya zala. Wachinayi amene ndinamubereka anali Paulo, mnzanga wa mudzi umodzi, tinakwera sitima limodzi. Chitsulo cha bomba chinamulowa m'mimba. Ndinayenda naye mtunda ngati kuchoka pano kubwerera kwanu, mfuti zikulira, ine ndikumusimbira za chakudya cha amayi ake, za mtsikana amene ankamudikira. Nditafika kwa adokotala anandiuza kuti ndanyamula maliro kuyambira kalekale. Ndinkangolankhula ndekha, osamufunsa. Ndiye masiku ano ndimafunsa."

Agogo anayang'ana mapazi aja nthawi yaitali, kenako anatsamiritsa chibonga pamwala.

"Tamasulani nsaluyo."

"Ndikadali ndi mphamvu, a Ngozo."

"Ndati masulani. Mdzukuluyu ndi wanga."

Anthu inu, a Ngozo amene sanagwirepo khanda chibadwire, amene ankati mwamuna wonyamula mwana ndiye kuti anadyetsedwa mankhwala ndi mkazi wake, anagwada pamchenga n'kundibereka ndi nsalu ya mayi! Mfundo anawamangira a Bulaza, chifukwa iwo sankaidziwa. Tinawoloka madzi akuwafika m'chiuno, mzungu atanyamula chibonga ndi nsapato pamutu. Titafika tsidya ndinamva mawu a agogo, aja okalipira ng'ombe, akutuluka monyinyirika.

"Iwe, ulipo?"

"Ndilipo, agogo!"

Anasinthana kundibereka mpaka tinafika dzuwa likupendeka. Sisitere wachipatala anati tikanagona tsiku lina limodzi akanadula m'bondo. Agogo anaima pakhomo ndi chibonga kuonetsetsa, ndipo chinachoka ndi chala chaching'ono chokha. N'chifukwa chake ndili ndi zala zisanu ndi zinayi kumapazi, ndipo ndimazionetsa kwa aliyense wofuna, ngakhale wosafuna. Kuchokera tsiku limenelo, wotchula dzina la aNambereko agogo ali pafupi ankayamba wayang'ana kumene kuli chibonga.

Sukulu ine ndinalekera panjira, ndimalemba movutikira, koma funsani kuyambira kuno mpaka ku Kandeu amene ankatsogolera ngoma zaka zonsezi. Gule wathuyu mphamvu yake ili m'phazi: umalikweza, n'kulimenyetsa pansi mpaka nthaka iyankhe. Phazi lomwe lija, lamanja, ndi limene ndinkayambira.

A Bulaza sanabwerere kwawo. Anakalambira pakhonde lomwe lija, ndipo anamwalira titangovota kumene za matipate, nthawi imene mudzi unali utagawikana, ovotera nyali kwawo ovotera tambala kwawo, moti ngakhale gulu lathu la ngoma linali litasweka pawiri, anthu osapatsana moni. Ndinayenda khomo ndi khomo. Ndinkangofika n'kuvula nsapato, n'kuloza phazi.

"Nawenso unakhalapo pa thabwa lija. Zachipani ukazitenge mawa. Lero tenga chishango."

Anabwera onse, palibe anatsala. Mnyamata wina wa komiti ya tchalitchi anatitchingira pachipata cha manda.

"Pepani bambo, awa anali munthu wa Mulungu. Zikopa ndi zibonga pano ayi."

"Mwana iwe," ndinatero, "amenewa anali msilikali iwe usanabadwe, bambo ako asanabadwe. Anabereka anayi ku Itale, wachisanu ndine. Wankhondo kwathu kuno sapita ngati nkhuku. Tapatuka."

Wansembe wokalamba anamukodola mnyamatayo, ndipo anapatuka. Mapemphero atatha tinazungulira manda, amuna makumi angapo, zishango m'manja. Ndinakweza phazi langa la zala zinayi n'kulimenya pansi pafupi ndi mutu wawo, kuti alimve bwino lomwe kuti lidakalipo. Fumbi linakwera kupitirira mitengo ya bulugamu. Pamenepo ndinakuwa mawu amodzi aja amene ndinkawayankha ndili kumsana, ndipo amene sankadziwa nkhaniyi ankayesa ndasokonezeka.

Lero mawondo anatha, ngoma ndimaonerera nditakhala pampando. Loweruka lililonse m'mawa adzukulu anga amandandalika pakhonde, mapazi kutsogolo, ine n'kumayang'ana pakati pa zala ngakhale matekenya anasowa. Amadandaula. Amadandaulanso za mawu anga. M'minibasi, kuchipatala, ngakhale m'tchalitchi amandikoka malaya: "Agogo, tsitsani mawu, anthu akutiyang'ana."

Ayang'ane. Ine ndinaphunzira kuyankha ndili kumsana kwa msilikali, ndipo anandiuza kuti mokweza. Tsiku limene adzandifunse ine osayankha, pamenepo ndiye mudzalire. Koma lero, a Bulaza, ndilipo!