Mbiri ya Emelda

Mukafika pamsika wa Chawama, funsani za mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta amene amadziwa mafumu onse a Angoni pamtima. Aliyense akulozerani Emelda. Amamuseka, ati ndi pulofesa wa kapenta, iye n'kumangoyang'ana kumbali. Koma nkhani yake si yoseketsa ayi.

Zinali zaka zija anthu ankafolera unga ngati odwala kuchipatala, sopo osaoneka m'mashopu. Bambo ake, ba Jameson a ku Katete, anali atachotsedwa ntchito kufakitale. Emelda anali mu Giredi 12, ndipo hisitole inali m'magazi mwake. Buku linali limodzi kalasi yonse, koma iye akangomva kamodzi za Angoni kuwoloka Zambezi, basi zalowa. Ankafuna kukhoza mayeso kuti adzakhale mphunzitsi.

Mphunzitsi wake wa hisitole, ba Kasoma, anali Mbemba wa ku Kitwe, Chinyanja chake chothyokathyoka. Tsiku lina anakumana ndi ba Jameson pamzere wa unga, ndipo pofuna kuwasangalatsa anakweza mawu: "Ba Jameson, mwana wanu uja ali na mbiri! Sukulu yonse imuziba, na maticha bonse!"

Munthuyo ankanena za hisitole, poti m'mabuku a Chinyanja amaitcha mbiri. Koma m'komboni, mtsikana wa mbiri tonse timadziwa kuti ndi wotani. Amayi a pamzerepo anakodolana. Dzuwa lisanalowe, Chawama yonse inali itamva kuti Emelda amayenda ndi aziphunzitsi. Bodza lamkunkhuniza!

Ba Jameson anamuletsa sukulu tsiku lomwelo, mayeso atayandikira, yunifomu n'kuitsekera m'sutikesi. Emelda analira mpaka maso kutupa, koma mumtima ankadzilimbitsa kuti ndi kusamvana chabe, ba Kasoma akabwera zithera pomwepo.

Anabweradi, thukuta lili kamukamu, Emelda akumvetsera kuseri kwa chitseko. "Pepani, ba Jameson," anatero mphunzitsiyo, "nenze kukamba phunziro la hisitole. Mwana alibe mulandu. Mulekeni alembe."

Ba Jameson sanadzuke n'komwe pampando. "Ninamvela pamene paja vimene munatanthauza, ba ticha. Sindine mwana. Manje hisitole tizadya? Sukulu apitilize mulongo wake Fackson. Uyu athandize amake kumaliketi."

Taonani nkhanza zake! Akanangonena kuti zinthu zathina, ndalama za sukulu palibe, ndani akanawaseka? Komboni yonse inkagona ndi njala. Koma bambo womubala anasankha kuti dzina la mwana wake liipe, bola iwo asaoneke kuti alephera kumuphunzitsa. Sanapitenso kukawongola nkhaniyo kwa munthu aliyense.

Tsiku la mayeso a hisitole Emelda anali pamsika, akuthamangitsa ntchentche pa kapenta, anzake akudutsa atavala yunifomu. Mafunso anawamva madzulo kwa mnzake, ndipo iye ankadziwa mayankho ake onse.

Mpaka lero amayi ena achikulire akamadutsa pabenchi pake amanong'onezana kuti uja pautsikana anali wa mbiri.