Tsiku Limene Ndinabereka Fano la ku Babulo

Lamulungu limenelo ndinali m'holo ya pa yunivesite ku Nairobi, ndikusoka mkanjo wachifumu. Tinkakonzekera sewero la mfumu yomaliza ya Akasiti. Mtundu umenewu unalamulira Babulo zaka mazanamazana, mpaka Aelamu anabwera, n'kugwira mfumuyo, n'kupita nayo kwawo pamodzi ndi fano la mulungu wake. Mfumu m'sewerolo anali Yohane, Mmalawi mnzanga wa ku Dedza. Woigwira, mfumu ya Aelamu imene ndinkaisokera mkanjowo, anali Otieno, mnzathu wa ku Kenya komweko.

Mfuti zinalira cha kutauni. Otieno anatuluka, n'kubwerera ali wefuwefu. Anati asilikali akugwira anyamata apasukulu, powaganizira kuti akugwirizana ndi oukira boma. Kenako anathamangira kogona ophunzira kukachenjeza anzake.

Yohane anangoti kakasi, chisoti cha katoni chili kumutu. Mfumu yanji yamantha chonchi! Ndinamuvula chisoticho. Ndinanyamula fano lathu la masaka ndi pulasitala, losasiyana msinkhu ndi mwana wa chaka, n'kulibereka ndi chitenje monga ndinkaberekera azing'ono anga kwathu. Kumutu ndinalifunditsa thawulo.

"Kuyambira pano ndinu bambo ake a mwanayu," ndinatero. "Tsogolani, osacheuka."

Tinalowera ku Upper Hill, kwa amalume anga, kufupi ndi chipatala. Mumsewu munali magalasi osweka ndi nsapato yamwendo umodzi.

Pamphambano asilikali anali atagoneka anyamata chafufumimba. Msilikali mmodzi analoza Yohane ndi mfuti pachifuwa. Mantha ndinali nawo, ndisaname. Ndinayamba kudzigwedeza, dzanja likusisita kumbuyo, n'kunena m'Chiswahili changa chothyokathyoka kuti mwana wadwala, tikupita kuchipatala. Msilikaliyo anayang'ana mfundo ya chitenje pachifuwa panga. Inali mfundo ya munthu wodziwa kulera. Anatsitsa mfuti.

Pageti, akazi awo a amalume anathamanga kudzandilandira mwana, monga timachitira kwathu. Atavundukula thawulo anakumana ndi nkhope ya ndevu zopotanapotana.

"Mayo ine! Iwe Esinati, wabereka chiyani?"

Tinaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Sewero lija silinachitike. Otieno sitinamuonenso, ndipo mkanjo wake ndinali ndisanaupinde m'munsi. Koma ulendo uno Aelamu anabwerera chimanjamanja: mfumu ya Akasiti ndinaipulumutsa ine, ndi fano lake lomwe. Ana onse amene ndinadzabereka pa chitenje chimenecho ndi a Yohane.