Singano imene inalowa m'dzanja la Sizasi

Sizasi anabadwa kwa bambo wowotcherera zitsulo ndi mayi wochapa zovala, anthu amene sanagonepo dzuwa lili pamutu. Iye anabereka awiri: wamkazi amene anakwatiwa kutali, ndi wamwamuna amene abale amamutcha Tayi, poti chiyambireni ntchito ya mu ofesi khosi lake silinawombedwenso mphepo. Dzina loti Sizasi anamupatsa ndi makasitomala. Ankadula nsalu osayeza kawiri, ndipo akwati ambiri a mumsewu wawo anakwatiwa atavala msoko wake.

Mashini ake ankakhala pakhonde, choko ndi tepi zili m'chitini cha mabisiketi. Tayi anaphunzira sukulu ndi kulira kwa mashini amenewo. Zimenezo anaziiwala kalekale.

Dzanja lamanja linayamba ndi dzanzi. Kenako singano kumupulumuka, sizasi kumugwa, batani kumukanika. Mnofu wa patsinde pa chala chachikulu unaphwa ngati tayala. Nthawi yomweyo ndi pamene mpongozi wake, mkazi wa Tayi, anatulukira ndi mpukutu wa nsalu yonyezimira: mng'ono wake akukwatiwa, operekeza akufuna madiresi.

"Mwana wanga, dzanjali likukana," anatero Sizasi.

Mpongozi, mkazi wa zikhadabo zazitali zosadziwa kulowetsa ulusi pasingano, anamwetulira ndi mano okha. Lamlungu, abale atadzaza pabalaza, Tayi anaitulutsa nkhani.

"Amayi, tisazungulire. Dzanja limeneli limadwala likaona nsalu za kwa mkazi wanga zokha? Supuni mukunyamula bwinobwino."

Mkazi amene sananamizepo kasitomala ngakhale tsiku lodzatenga chovala anatchedwa wabodza ndi mwana amene anamuyamwitsa, pamaso pa alongo ake a mayiyo. Anangobisa dzanjalo m'thumba la epuloni.

Kuchipatala Tayi anaperekeza amayi ake yekha, osati mwachifundo, koma kuti akakhale mboni. Achipatala anamutumiza Sizasi m'kachipinda kozizira, kokhala ndi bedi lopapatiza, kompyuta ndi nthambo zambirimbiri. Dokotala anati achita EMG.

"Dzina lake lonse ndi elekitiromayogalafe," anatero. "Musaliope, n'lalitali chabe. Elekitiro ndi magetsi, mayo ndi mnofu, galafe ndi kulemba. Mnofu ukamagwira ntchito umatulutsa timagetsi tochepa. Ife timatijambula n'kutimvetsera, kuti tidziwe ngati vuto lili mumnofu kapena mumtsempha umene umaulamula."

"Ndikuidziwa imeneyo," anatero Tayi, amene anali asanaimvepo chibadwire.

Dokotala anayamba ndi kumulowetsa Sizasi timagetsi pamkono kuti aone liwiro la mtsempha. Kenako anatenga singano yopyapyala ngati tsitsi.

"Nthawi yonseyi ndabaya nsalu ndine," anatero Sizasi. "Lero nsalu ndine."

Singano inalowa patsinde pa chala chija. "Musagwedeze, amayi. Dzanjali lisiyeni ligone."

Dzanja linagona. Koma sipika ya kompyuta ija inayamba kuthetheka, te-te-te, ngati mvula yoyamba padenga la malata, mizere ikudumpha pakompyuta. Tayi anadzuka pampando, nkhope ili ngwee.

"Mwamva, adokotala? Mphamvu zili tho. Ndinanena ine."

Dokotala sanacheuke n'komwe. "Achimwene, mnofu wabwino ukapuma umakhala zii. Uwu ukulira wokha chifukwa mtsempha wake wapanikizika polumikizira dzanja, uthenga sukufika bwino. Phokoso limeneli munthu sangalipange dala. Mukanabwera nawo kale."

Tayi anakhala pansi n'kuyamba kukonza tayi imene inali yowongoka kale. Pobwerera anayatsa wailesi m'galimoto mpaka kufika pakhomo.

Madokotala anamuchita Sizasi opaleshoni. Dzanzi linatha, koma mnofu sunadzaze ngati kale, ndipo masiku ano amadula pang'onopang'ono, nsalu yolimba akuikana. Madiresi aja anasoka ndi telala wina, mipendero yake yokhota ngati njira ya woledzera, operekeza akukoka apa ndi apo pazithunzi zonse.

Tayi amabwera. Amabweretsa mafuta opaka, shuga, tsiku lina mpando wawofuwofu wa pamashini. Amafunsa kuti dzanja lagona bwanji, maso ali pafoni. Akuyesa kuti katundu angalankhule m'malo mwa pakamwa. Koma mawu aja anawanenera pabalaza, abale ali phee, ndipo oti awafafanize ayenera kutulukira pomwepo, anthu omwewo akumva. Sizasi samukumbutsa. Mwana wophunzira chonchi sakumbutsidwa.

Mwezi watha anabweretsa thalauza latsopano kuti amayi ake alipinde miyendo. Sizasi analilandira ndi manja awiri, nalipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Likadali pomwepo, likutola fumbi. Tayi akamalowa amaliona, naye Sizasi amaona kuti waliona.