Agogo Oyandikana Nawo ndi Mawaya Anayi

Pa mzere wonse wa nyumbazi galimoto ndi imodzi yokha, ya agogo aamuna a khomo lachiwiri, ndipo ndi yakale kuposa ana awo onse. Mayi wachitsikana wa khomo loyamba amaisuzumira pa windo ngati yake, chifukwa mwana wake wamphumu akabanika, yothamangira kuchipatala ndi yomweyo.

Agogowa sagula waya wa pulagi ya injini chifukwa chonyezimira. Amamupinda kufuna ming'alu, kenako amakankha kachisoti kake mpaka kagwire. "Chisoti cholobodoka ndi mlamu waulesi," amatero. "Mvula ikangowaza, ntchito wasiya." Posintha, amazula waya mmodzimmodzi.

Tsiku lina masana mwana anayamba kutsokomola, boneti ili yasa, agogo akusintha mawaya anayi a injini koma akadali pa waya woyamba. Mayiyo, pofuna kuthandiza, anazula atatu otsalawo kamodzi.

"Amake mwana, mwapasula maukwati," anatero agogo akuseka. "Waya aliyense ali ndi pulagi yake. Mukasinthanitsa, injini itsokomola kuposa mwanayo."

"Pepani agogo, ndiye titani?"

"Mutengeni mukakhale kumbuyo. Manja mupinde."

Agogo analondola malo a waya aliyense ndi chala, akuwerenga chapansipansi, nalumikiza atsopanowo. Galimoto inalira ulendo woyamba womwe. Kuchipatala anamwino anati ndi chimfine chabe, mtima wa mayiyo n'kukhala pansi.

Atafika pakhomo, agogo anamuninkha mawaya akale aja atawakulunga m'nyuzipepala. "Mantha akakugwiraninso, muzizula awa. Anga aja muwasiye."