Munga wa m'chidendene

Munga uja unandibaya m'chidendene tikuchokera kumunda wa mpunga, ndale za matipate zitangoyamba kumene. Anauzula ndi amuna anga. Anandikhazika pachulu, phazi langa pantchafu pawo, n'kumatokosa ndi pini ya pachitenje changa kwinaku akundiseka kuti ndimalira ngati mwana. Anandionetsa mungawo pachikhatho, wakuda, wothoka nsonga. Tinapita kunyumba, tinaiwala.

Patapita miyezi, pamalo pomwepo panatuluka kachotupa kolimba, kosapweteka. Kanakula pang'onopang'ono mpaka patapata inasiya kulowa. Kenako phazi linachita timabowo, ndipo m'timabowomo munkatuluka mafinya osakanikirana ndi tinjere toyera ngati mpunga wosweka. Tinjereto ndi timene tinandiputira mlandu.

Kwathu kuchigwa, kumunsi kwa Chiringa, aliyense amadziwa chambu, mankhwala amene mwini munda amakwirira m'malire kuti agwire wakuba. Ndiye phazi lotulutsa mpunga, anthu akanafunanso umboni wanji? Woyandikana nafe munda anali bambo wina wodandaula chaka ndi chaka kuti anthu akumumwetera mpunga. Kuchitsime azimayi anayamba kusiya nkhani zawo ndikafika. Ine, munthu wosatolapo ngakhale chinangwa chogwa padengu la mnzanga!

Amalume, eni mbumba, anatiitana pakhonde pawo, abale onse alipo. Anandifunsa mosapita m'mbali ngati ndinalowa m'munda wa eni ake.

"Ndinaponda munga, amalume," ndinatero. "Afunseni awa, anauzula ndi iwowa."

Amuna anga anazolika mutu, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Ine pano ndine mkamwini, za m'mudzi muno sindingaziyankhe. Za mungazo sindikukumbuka bwino."

Sindikukumbuka bwino! Munthu amene anandigwira phazi ndi manja ake awiri! Ankaopa kuti akatsutsa amalume pagulu amuuza kuti anyamule mphasa yake azipita kwawo. Mtima unandiwawa kuposa phazilo, ndipo mpaka lero ukuwawabe.

Amalume anagamula kuti kuchipatala ndisayerekeze, poti wogwidwa ndi chambu akabayidwa jakisoni amafa. Ndiyambe ndavomera, mwini munda andisambitse phazi, ndichire. Ndinakana kwamtuwagalu. Koma ku Boma n'kutali, kuyenda kunali kutandikanika, ndipo njinga inali ya amuna anga. Ndikawadandaulira ankangoti, "Mayi a mwana, mukufuna anthu azinena kuti ndawaphera mwana wawo?" Dzinja linadutsa, linanso linadutsa, phazi likukulirakulira ngati chitsa, fungo lake ntchentche zosachoka.

Pamapeto pake ndinatopa. Ndinakwawa mpaka pakhomo pa bambo uja, ndinagwada, ndinanena bodza kuti ndinamweta mpunga wawo. Anandisambitsa phazi ndi mizu yawo, akumwetulira. Anthu anaomba m'manja kuti choonadi chaoneka. Phazi silinaphwe ngakhale pang'ono.

Apo m'pamene amalume anati basi, kayeseni kwa azungu. Amuna anga anandikweza pakaliyala, mwendo utakulungidwa m'chitenje, mpaka kuchipatala.

Adokotala anatola tinjere tija n'kutiika pakagalasi, kenako anandijambula phazi. Atabwera nazo zotsatira anatikhazika pansi tonse awiri. Anati ndi matenda osowa, mtundu wa chuku chokhala m'dothi, chimene chimalowa m'thupi munthu akabayidwa. Kachotupa kakadali kakang'ono amangokachotsa, munthu n'kumamwa mankhwala. Koma chotupa changa chinali chitadya mtsempha wa chidendene n'kulowa m'fupa. Kenako anafunsa, "Amayiwa anabayidwapo ndi chinthu?"

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, amuna anga anayankha.

"Munga, adokotala. Ndinauzula ndine, ndi pini. Nsonga yake inatsalira m'kati."

Anayankha mosadodoma, ngati zachitika dzulo. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana khoma. Aa, kani ankakumbuka zonse, mpaka nsonga yomwe!

Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Amuna anga sanandithawe ayi, madzi amatunga, nkhuni amatola, anthu amawatama kuti mkamwini wabwino ndi ameneyu. Koma pakhonde la amalume sanapitekonso kukanena za munga uja. Kumudzi kuno mwana akalowa m'munda wa eni ake, amayi ake amamulozera ndodo zanga.