Maola a Batire

Alamu anga, amuna awo a achemwali, saona chibadwire. Amaphunzitsa kusekondale. Kwa zaka khumi ndi zisanu achemwali ndiwo ankawawerengera mayeso a ana ndi kuwalembera zokambidwa pamisonkhano, popanda wowathokoza. Kenako sukulu idagula kamakina kolembera zilembo za osaona, kokhala ndi timadontho totumphuka pansi pa zala ndiponso mawu achikazi owerenga mosatopa.

Achemwali adatsala ndi ntchito imodzi, yoyesa batire. Pakapita miyezi ingapo amakatchaja kudzaza, n'kukasiya kakuwerenga mpaka kazime kokha, kuti aone maola amene kapirira. Alamu alibe mtima wodikira, choncho Loweruka achemwali amakaika pakabati, iwo n'kumasita zovala, diso lili pawotchi.

Loweruka lina ndidawapeza akukayang'ana cham'mbali.

"Mkazi mnzanga uyo," adatero. "Sachapa, sasita, koma akamamutama ungati ndiye adawasamalira zaka zonsezi."

"Nsanje mpaka ndi makina, achemwali?"

"Iwe, pinda malayawo."

Kadazima patatha maola asanu ndi anayi. Ndidaona ndekha. Alamu atabwera adafunsa za batire, poti Lolemba kunali msonkhano wa aphunzitsi wa tsiku lonse. Achemwali adayankha osaphethira.

"Maola atatu basi. Kakalamba."

Ine ndidangoweramira malaya.

"Atatu?" adatero alamu, zala zikuyenda pamabatani. "Sabata yatha kadandifikitsa madzulo."

"Kafunseni komweko. Si paja kamayankhula?"

Alamu adalozetsa nkhope kumene kunkachokera mawu a akazi awo.

"Ndiye kuti masana ndidzasowa wondilembera. Mayi, Lolemba muli ndi zochita?"

"Zochita pano zimatha? Mazenera awa amadzipukuta okha?" Adazimitsa simbi, n'kuyamba kukulunga chingwe pang'onopang'ono. "Koma ndingayese."

Lolemba m'mawa achemwali adandituma kuti ndiwabwereke cholembera chabwino, chawo chidauma kalekale m'dilowa. Adavala diresi la buluu limene amasungira maukwati.

Patapita masiku ndidakumana ndi alamu pageti akuchokera kuntchito, chikwama paphewa, ndodo patsogolo. Ndidawafunsa ngati batire lidawavutitsadi kumsonkhano kuja.

"Lidatha itangokwana thwelofu, mlamu," adatero. "Ndidachita kukazimitsa ndekha pansi pa tebulo. Musakawauze."